Mabulugamu a Alufandika ndi Chitsime cha Febbie

Ku Dzivarasekwa, kumadzulo kwa mzinda wa Halale, kudakali okalamba angapo amene amamukumbukira Alufandika Chidothi. Sanali munthu wotchuka. Sanakhalepo mkulu wa mpingo, ndale sanalowe, ndipo pamaliro ankakonda kukhala kumbuyo pamodzi ndi adzukulu okumba manda. Chimene amamukumbukira nacho ndi dzanja lake. Akabzala chinthu chinkagwira basi. Ena ankachita kunena kuti ngakhale mpini wa khasu akanautsindira pansi ukanaphuka masamba.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Anaphunzira pamishoni mpaka Sitandade 3, masana n'kumagwira ntchito m'munda wa amishoniwo. Kuseri kwa tchalitchi kunali mabulugamu aatali, ndipo iye ankasesa masamba ake pa dothi louma gwa. Mkulu wina wa m'mundamo anamuuza tsiku lina kuti pamenepo kale panali chithaphwi, ana ankagwirapo nkhanu, koma amishoni oyamba anabzalapo mitengoyo dala kuti imwe madzi, udzudzu uchepe. Alufandika anamva, n'kusunga.

Mu 1951 anatsata anzake ulendo wa ku Halale, kudzera ku Tete. Anapeza ntchito yosamalira maluwa kwa azungu, ndipo anaigwira zaka zambiri popanda mlandu. Anakwatira Febbie, mkazi wa ku Dedza, wamfupi, woyankhula mosapsatira. Anali ndi mwana mmodzi yekha, Iris. Atatsegula lokeshoni ya Dzivarasekwa, kumene ankaikako antchito a m'nyumba za azungu, banjali linasamukira kumeneko.

Tsono pali chinthu chimene munthu ayenera kuchimvetsa za anthu ngati amenewa. Mshona wa m'lokeshoni anali ndi kumudzi. Zikavuta ankatumiza mkazi ndi ana kukalima, mwezi wa Meyi thumba la chimanga n'kubwera pa basi. Koma wa ku Nyasalande kapena wa ku Chipata analibe kothawira. Kumudzi kwake kunali kuseri kwa malire awiri. Munda wake wonse padziko lino unali kadimba kamene mkazi wake watyola m'dambo, kumusi kwa nyumba zomalizira.

Febbie ndiye anayamba kulima m'dambomo. Iye ndi mnzake Thokozile, Mngoni wa ku Chipata, anakumba chitsime ndi makasu awo pamalo pamene panali bango, ndipo asanafike m'chiuno madzi anatumphuka. Sankaphwa ngakhale mwezi wa Okutobala. Pasanathe zaka ziwiri panali madimba khumi ndi anayi kuzungulira chitsimecho, pafupifupi onse a amayi ochokera kumpoto kwa Zambezi. Munali mpiru, repu, nkhwani, anyezi, matimati, nzimbe m'mphepete, ndi koko amene Febbie anachita kubwera naye kuchokera ku Dedza atamukulunga m'chitenje chonyowa. Kumeneko n'kumene Chichewa chinkayankhulidwa mokweza, popanda wina woseka kuti, “Tamverani Achimwene.”

Kenaka azungu a dzikolo anadzilengeza okha kuti adziimira pawokha, mayiko ena n'kuwatsekera malonda. Palafini anayamba kusowa. Anthu anatembenukira ku kaphiri kamene kanali kumtunda kwa lokeshoni, n'kuyamba kugwetsa mitengo yachilengedwe, ija kumeneko amati misasa. Zaka ziwiri zokha kaphiri kanayera. Mvula ikagwa madzi ankatsika ofiira, n'kung'amba chigwembe pakati pa njira, moti mwana wina anathyokamo mwendo.

Panali bungwe lina la azungu okonda zachilengedwe limene linaona zimenezi, ndipo tisaname, linaona zoona. Nzeru yawo inali yoti abzale nkhalango ya mitengo yokula msanga, anthu azipezamo nkhuni, misasa ipume. Anasankha bulugamu. Ankafuna munthu wodziwa mbande, ndipo bwana wa Alufandika anatchula dzina lake. Ntchitoyo inabwera ndi zinthu ziwiri zimene mlendo aliyense ankazilota: chitupa chodindidwa bwino, ndi nyumba yolembedwa m'dzina lake malinga ngati ali pantchitopo. Anamupatsanso womuthandiza, Josphat, mwamuna wa Thokozile, munthu wamkulu thupi ndi pakamwa pomwe.

Woyang'anira wawo anali mzungu wowonda amene antchito ankangomutcha Magalasi. Sanali wankhanza. Ankakonda mitengo kwenikweni, ndipo akaona chitsa cha msasa ankaima n'kupukusa mutu ngati waona manda a mbale wake.

Chaka choyamba anabzala pakaphiri pomwepo. Panali miyala yokhayokha, dothi lonse litapita kale ndi madzi. Mbande zimene dzuwa linazisiya, chiswe chinamaliza. Pofika mwezi wa Juni panangotsala timitengo towerengeka, tofiira ngati tadwala. Magalasi anayenda mizere yonse, kenaka anati, mu Chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza chimene azungu ankayankhulira ndi antchito, chaka chamawa zikatere adzafuna munthu wina.

Apa ndi pamene Alufandika analakwa, ndipo palibe anamukakamiza. Anayang'ana kumusi, kumene dambo linali biriwiri pakati pa chilimwe, n'kunena yekha ndi pakamwa pake.

“Bwana, kumusi uko ingagwire. Sipafunikanso kuthirira.”

Mlimi aliyense wa maluwa amatero: amaika mbande pamene ingapulumuke. Dzanja lake linazolowera zimenezo zaka zonse, ndipo mantha a nyumba anathandizira. Za mabulugamu a kuseri kwa tchalitchi ku Ntcheu sanaiwale ayi. Anangoziika pambali. Anayeza mapazi makumi asanu kuchokera pa dimba lomalizira, n'kukhoma chikhomo, n'kudziuza kuti mtunda umenewo ukwanira.

Tsiku limene anayamba kukumba mayenje, amayi anaimirira m'madimba mwawo, ndowa zili m'manja. Febbie anabwera mpaka pachikhomo paja.

“Bambo a Iris, mitengo yanuyi imamwa bwanji?”

“Imamwa ngati mtengo wina uliwonse, mayi.”

“Mwayang'ana kumbali poyankha.”

“Ndikuyang'ana chingwe, mzere ungakhote.”

Josphat anaseka ali m'dzenje. “Alamu, musawamvere awa. Mitengo iyi ndi zidakwa. Ine chidakwa ndimachidziwa ndikachiona, ndife a mpingo umodzi.”

“Inu kumbani,” anatero Alufandika. “Pakamwa mupumitseko.”

Febbie anayang'ana mwamuna wake kanthawi, n'kubwerera kukathirira mpiru wake. Sanafunsenso. Iyenso ankadziwa chimene nyumba ija inali kwa iwo.

Mitengo inagwira yonse. Chaka chachitatu inali itapitirira denga la nyumba. Chachinayi, azungu a bungwe lija anabwera Loweruka lina ndi magalimoto asanu, amayi awo atavala zipewa zazikulu. Anamuimika Alufandika kutsogolo, anamujambula, n'kumupatsa pepala lokhala ndi chidindo chofiira. Mmodzi anayankhula nthawi yaitali za dziko limene tidzasiyire ana athu. Alufandika anagwira pepalalo ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira, koma maso ake anali pa udzu wa pansi pa mitengo. Unali utasintha. Bango linali litabwerera m'mbuyo, ndipo pamene kale phazi linkatitimira tsopano nsapato za azungu zinkayenda osadetsedwa. Magalasi anaonanso zomwezo, koma iye anakondwa. Anati taonani, ngakhale matope atha.

Nkhuni zija anthu sanazione. Poyamba anati mitengo idakali yaing'ono, ndipo anaizunguliza waya waminga. Itakula, nkhondo ya anthu akuda yomenyera ufulu inali itakula nayo. Malole anayamba kubwera kudzatenga mitengo yowongoka bwino, ya mapolo, ndipo kumene inkapita palibe ankauzidwa. Anthu ankanong'onezana kuti ikukamangira mipanda kumidzi kumene kunali nkhondo, koma palibe wa ku Dzivarasekwa anakaona ndi maso. Zitsa zikatsala zinkaphuka mphukira zitatu, zinayi, ndipo Magalasi ankati zimenezonso zisakhudzidwe, ndi mapolo a mtsogolo. Choncho amayi ankadutsa m'mbali mwa nkhalango yodzaza ndi mitengo, nkhwangwa zili paphewa, kupita kuseri kwa kaphiri kukadula misasa imene inatsala. Kaphiri kamene ankafuna kukapulumutsa kanayera mbali zonse ziwiri.

Alufandika tsopano anali mlonda wa zimene anabzala. Akapeza mayi akutola nthambi zouma mkati mwa waya ankatsokomola patali, n'kutembenuka kuyang'ana kwina mpaka mayiyo atatuluka. Tsiku limodzi lokha zinakanika, chifukwa Magalasi anali naye limodzi, ndipo amene anapezeka anali Thokozile. Alufandika anachita kumulanda nkhwangwa ndi manja ake.

“Tengani, alamu,” anatero Thokozile, akuloza mitengo ija. “Mukawauze ana anuwa kuti mawa ndidzabwera kudzawapepesa.”

Nkhwangwayo anaibweza tsiku lomwelo, atainola. Thokozile anailandira, koma anatha miyezi itatu osaponda pakhomo pa Febbie.

Chitsime chinayamba kutsika pang'onopang'ono. Amayi anawonjezera kukumba, kuchoka m'chiuno kufika m'khosi. Chaka cha chilala chija cha 1973 aliyense anati ndi dzuwa, ndipo Alufandika anavomereza msanga kuposa onse. Koma chaka chotsatira mvula inagwa yoopsa, milatho kumizidwa, ndipo pofika Ogasiti chitsime chinali matope. Nzimbe zinauma. Madimba a mbali ya kunkhalango anayamba kusiyidwa, limodzi, kenaka atatu. Koko wa ku Dedza, amene amafuna phazi lake likhale m'madzi, anafota n'kutsala mapesi awiri.

Tsiku lina masana Alufandika atabwera kudzadya, Febbie anamuikira madzi osamba m'manja monga mwa masiku onse, n'kubweretsa mbale ya ndiwo yovundikira. Atavundukula anapeza mulu wa timizu tofiirira, topyapyala ngati tsitsi, tonyowa.

“N'chiyani ichi?”

“Ndiwo zanu. Ndazitola m'chitsime, pansi penipeni. Tanunkhizani.”

Sanafunike kununkhiza. Fungo la bulugamu linali litadzaza kale m'chipindamo.

“Munati mapazi makumi asanu,” anatero Febbie. “Mitengo yanu sinapite ku sukulu, kuwerenga siidziwa.”

Alufandika anapukuta manja pa buluku. Kenaka anamuuza za kuseri kwa tchalitchi ku Ntcheu, za nkhanu, za mkulu wa m'munda uja. Ananena zonse mwadongosolo, maso ali pa mbale, ngati munthu woulula pamaso pa akulu a mpingo.

“Ndiye kuti munkadziwa.”

“Ndinkadziwa.”

“Tsiku lija ndinakufunsani.”

“Munandifunsa.”

Febbie anachotsa mbaleyo, n'kubweretsa ina ya nyemba. Anakhala pamkeka kumbali, osadya. Patapita nthawi anati, “Mukananena, mwina ndikanati bzalani ndithu, nyumba ndi nyumba. Koma ndikanadziwa kuti chitsime ndagulitsa ndine. Apa mwandigulitsira.”

Anakhala choncho zaka zina zitatu. Sanakangane, chifukwa sanali anthu okangana. Lamlungu ankapita limodzi ku tchalitchi, iye kutsogolo ndi Baibulo, Febbie pambuyo. Alufandika anayesa kukonza zinthu m'njira zimene ankazidziwa. Anakumba ngalande yakuya pakati pa nkhalango ndi madimba, n'kudula mizu yonse imene anaipeza, koma mizu inadutsa pansi pa ngalandeyo. Anapita kwa Magalasi, chipewa chili m'manja, kukapempha kuti mizere itatu ya kumusi idulidwe. Magalasi anamumvetsera bwino, kenaka anamufotokozera moleza mtima kuti kulima m'dambo n'koletsedwa kale, kuti makasu a amayiwo ndi amene amawononga madambo, ndipo kuti mitengo ikuteteza malowo. Ankakhulupirira zimene ankanena. Alufandika anati, “Inde, bwana,” n'kuvala chipewa panja.

Pofika 1977 panatsala madimba anayi. Febbie ankadzuka kukadikira kuti timadzi tidikhe pansi pa chitsime, n'kumatunga ndi chikho, ndowa imodzi mpaka dzuwa kufika pamutu. Madzi a pampopi wa m'lokeshoni sankaloledwa kuthirira mbewu. Msana wake unayamba kupindika. Anthu othawa nkhondo kumidzi anali atadzaza m'nyumba za abale awo, ndiwo zinkafunika kuposa kale, koma dimba limene kale linkadyetsa mzere wonse wa nyumba tsopano linkalephera kudyetsa anthu awiri.

Loweruka lina la mwezi wa Seputembala, ataweruka masana, Alufandika sanapite kunyumba. Anatenga chikwanje n'kutsikira ku mizere ya kumusi. Sanagwetse mtengo, chifukwa kugwa kwake kukanamveka mpaka kumsewu. Anachita zimene mlimi amachita akafuna kupha mtengo uli chiimire: kusenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, chikhatho chimodzi m'lifupi, mpaka poyera. Anayamba ndi umene unali pafupi ndi chikhomo chija. Ankaudziwa. Anaubzala yekha tsiku loyamba, Febbie akuyang'ana.

Josphat anamupeza ali pa mtengo wachisanu ndi chinayi, thukuta lili kamukamu.

“Achimwene! Mwapenga? Nyumba ija mwaitopa nayo?”

“Pitani kwanu, a Josphat. Simunandione.”

“Ndakuonani kale. Maso anga alibe chofufutira.” Anaima pang'ono, akukanda m'mutu. “Ndiye mukusenda ngati mukumeta mwana. Bweretsani kuno, inu mupume. Ine zidakwa zinzanga ndimadziwa pozigwira.”

“Ayi. Muli ndi ana asanu. Khalani apo muzindiuza ngati kukubwera munthu.”

Josphat anakhala pa chitsa, maso ali kunjira, mpaka ntchito inatha. Mitengo inakwana makumi atatu ndi iwiri.

Lolemba m'mawa Alufandika anakadziwulula yekha. Josphat anamuchonderera kuti anene kuti ndi anyamata a m'lokeshoni, poti masiku amenewo chilichonse chikawonongeka ankati ndi a ndale. Koma Alufandika ankadziwa zimene apolisi akanawachita anyamatawo, ndiponso bodza limodzi linali litamukwana. Magalasi anapita kukaona. Anagwira bala la mtengo umodzi ndi zala, ndipo atatembenuka maso ake anali ofiira. Anangofunsa kuti, “Iwe, Alufandika? Iwe amene?” Sanaitane apolisi. Anamuchotsa ntchito, ndipo nyumba inapita ndi ntchitoyo. Anawapatsa mpaka kutha kwa chaka.

Febbie atamva anakhala pansi pakhonde.

“Ndani anakutumani?”

“Palibe.”

“Kubzala simunandifunse. Kudulanso simunandifunse. Inu bambo, mudzayamba liti kufunsa?”

Koma madzulo ake anamuphikira tiyi wa mkaka, umene ankasungira alendo.

Iris, amene anali atakwatiwa ku Kambuzuma, anawapezera kachipinda kuseri kwa nyumba ya apongozi ake. Kuchokera kumeneko Febbie ankayendabe wapansi kupita ku dimba lake kawiri pa sabata, ulendo wa maola awiri, kudikira kuti aone ngati madzi abwerera. Mitengo makumi atatu ndi iwiri ija inayoyoka masamba n'kuuma kumtunda, monga Alufandika anayembekezera. Koma mvula itagwa, m'munsi mwa bala lililonse munatuluka mphukira, zofiira, zonenepa, zisanu pena zisanu ndi chimodzi pa thunthu limodzi. Mizu inali yamoyo. Ndipo kuseri kwa mizere imeneyo kunali mitengo ina mazanamazana imene sanaikhudze, yonse ikumwa.

Mu Okutobala wa 1978 anapita onse awiri, atanyamula khasu, fosholo yobwereka ndi chingwe. Madimba ena atatu aja anali atasiyidwa. Thokozile anali atayamba kukaoda ndiwo ku msika waukulu wa m'tauni n'kumagulitsa pamsewu. M'dimba la Febbie munali mizere iwiri ya repu wofota, ndipo koko anali atatheratu.

Alufandika analowa m'chitsime n'kuyamba kukumba. Febbie ankakoka ndowa ya dothi ndi chingwe, kukhuthula, kubweza. Anakumba kuyambira m'mawa. Dothi lakuda linatha, linabwera lotuwa, kenaka mchenga wosakanikirana ndi timizu tija. Dzuwa litapendeka anali atazama moti mutu wake sunkaonekanso, ndipo mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'mbiya. Anatapa mchenga wa pansi n'kuufinya m'manja. Unali wozizira, koma sunadonthe.

“Kwatsala pang'ono,” anatero. “Mwina mkono umodzi.”

“Munanena choncho dzuwa lili apo.”

“Pano pakuzizira, mayi. Tagwirani muone.”

Anaika mchengawo m'ndowa. Febbie anaukoka, anaugwira, n'kuuwaza pansi. Anayang'ana mitengo, imene mthunzi wake unali utafika kale pa repu wake, kenaka anasuzumira m'dzenjemo. Anaona mwamuna wa zaka pafupifupi makumi asanu, imvi zodzaza dothi, akupuma movutika, khasu lili m'mwamba kuti atemenso.

“Bambo a Iris, tulukani.”

“Mkono umodzi wokha.”

“Tulukani, ndatero. Anthu akadutsa aziti ndikukuikani wamoyo. Madzi anapita. Sindikufuna kutaya chitsime ndi mwamuna tsiku limodzi.”

Anatsitsa khasu. Febbie anamangirira chingwe pa chitsa cha nzimbe n'kugwira ndi manja onse awiri, ndipo iye anakwera pang'onopang'ono, akuponda m'timapanga ta m'mbali. Atatuluka anakhala pa mulu wa dothi, osayang'ana mkazi wake.

“Pepani,” anatero. Zaka zonsezo mawu amenewa anali asanawanene.

“Ndamva,” anatero Febbie. Anazula repu uja, mizere yonse iwiri, n'kumumanga m'chitenje. “Dzenje ili tisalisiye chonchi. Ana a othawa nkhondowa amasewera kuno, angagweremo.”

Alufandika anaimirira n'kutenga fosholo. Febbie anatenga khasu. Anayamba kubwezera dothi m'chitsimemo, iye mbali iyi, mkazi wake mbali inayo, ndipo kukwirira kunatenga nthawi yochepa kwambiri kuposa kukumba.